Mankhwala a Mayi Fagness

Mayi Fagness sanapondeko pakhomo pa sukulu ya udokotala, koma zimenezo sizinawaletse kuchiza ana a ku Golomoti konse ndi liwu limodzi. Ntchito yawo yeniyeni inali ya mpunga: ndime ziwiri ku sikimu ya Bwanje ndi beseni pamsika. Udokotalawo unali wapadera, waulere, ndipo sunkadikira kuti munthu aupemphe. Mzimayi akangodandaula pogula mpunga kuti mwana wake sakudya kapena akungokhalira kulira, iwo ankasasa mankhusu m'manja n'kunena kuti azolowera.

Satifiketi yawo anaitengera pa Upile, mwana wa alongo awo. Banja la makolo ake litatha ku Mtakataka, mayi ake anakwatiwa ndi mwamuna wosafuna ana a mnzake, choncho Upile anatsika minibasi ndi kachikwama kubwera kwa azakhali ake. Analira mtsikanayo. Akaona usipa m'mbale ankalira poti wakumbuka kwawo, foni ya mayi ake ikangoduka ankaliranso, ndipo kusukulu anayamba kugwira mchira. Ena anati apite naye kuchipatala, ena kwa abusa. Mayi Fagness anati azolowera. Mpunga usanakololedwe, Upile anali atapeza anzake a netiboli ndipo ankadya mpaka kukanda m'poto. Kuyambira pamenepo azakhali akewo anayamba kuyenda ngati ovala gauni loyera.

Liwulo linkakwana aliyense: mwana wosamutsidwa sukulu, mwana woti nyumba yawo yagwa ndi madzi osefukira, mwana woti bambo ake apita ku Joni. Ambiri ankazoloweradi. Amene sanazolowere, amayi awo ankangosiya kubwera pabeseni, ndipo adokotala athu ankawawerengera m'gulu la ochira.

Kenako matenda analowa m'nyumba mwa sing'anga mwini. Mwana wawo Onani, chitsirizira chawo wa Fomu 2, anali mnyamata woseketsa moti akayamba kutsanzira makondakitala a pasiteji, ngakhale bambo ake a Bizwick, munthu wouma nkhope, ankatsamwa ndi tiyi. Mnyamata ameneyu ndi amene anayamba kuchepa mawu. Mpira anasiya, nsapato zake zampira anapatsa mnzake. Ankagona mpaka dzuwa kufika pamutu n'kudzuka ali wotopa, chakudya ankangochitosatosa, ndipo ukamufunsa kawiri ankakalipa. Mwezi unatha, wachiwiri unayamba.

Chimene chinawapweteka mayi Fagness n'chakuti mwanayo analibe chifukwa. Maliro panalibe, kusamuka panalibe, a Bizwick anali amoyo ndipo sanabweretse mkazi wachiwiri. Kodi munthu angadwale maganizo popanda chilolezo? Anayamba kusaka. Anapisa m'matumba a buluku lake kufuna chamba, anapezamo njere za bwemba. Anafunsa mwakachetechete kwa anzawo a mvano ngati pali mtsikana amene wayima, ndipo kunena zoona akanamupeza akanapumira m'mwamba, chifukwa mimba amadziwa pokaikambira. Anamuyezetsa malungo, sanapezeke. Atatopa, anagamula mlandu kuti ndi ulesi wobwera ndi kukhuta, ndipo anamuuza pamaso kuti anzake akulira ali ndi zifukwa, iye akungowononga nkhope.

Mankhwala a ulesi ndi ntchito. Mpunga unali utayamba kukhwima, nthawi imene mpheta zimabwera ngati zaitanidwa ku ukwati, ndiye anamutumiza kukaingitsa mbalame. Ntchito yake ndi yosafuna nzeru: kukoka chingwe chomangiriridwa zitini zamiyala ndi kukuwa. Masana anamulondola ndi mbatata yophika. Ali patali ankamva zitini zikulira m'ndime za eni ake, ana akukuwa mbali zonse. Ndime yawo yokha inali zii. Mpheta zinali zitakuta mpunga, ndipo Onani anali atakhala m'mbali mwa ngalande, chingwe chili m'manja, mbalame zikudya pafupi moti akanatha kuzigwira.

Anamulalatira ndi mawu onse amene anasunga miyezi iwiriyo. Onani sanatembenuke n'komwe.

"Zisiyeni zidye, amayi," anatero motsitsa mawu. "Chaka chamawa muzidzaphika wochepa."

Mayi Fagness anayang'ana mwana wawo, n'kukumbuka nsapato zija. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire, ndipo mbatata ija anaiiwala pansi pomwepo.

M'mawa mwake anakwera naye njinga yamoto kupita kuchipatala ku Mua. Namwino woona za maganizo anatenga Onani yekha n'kutseka chitseko, dokotala wamkulu wa ku Golomoti n'kutsala pabenchi ngati wina aliyense. Atawaitana, iwo sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza za Upile kuyambira pa minibasi mpaka pa netiboli, n'kumaliza ndi liwu lawo lija, ngakhale kuti tsiku limenelo linatuluka lopyapyala.

"Azolowera chiyani, mayi?" anafunsa namwinoyo.

Namwinoyo anawauza mofatsa kuti chimene chinamugwetsa Upile chinali chooneka, chinali ndi tsiku lake loyambira, ndipo pakati pa kulirako ankathabe kuseka chinthu chikaseketsa. Mwana wotero akamathandizidwa, chisoni chimaphwa m'miyezi yowerengeka, ngakhale naye safunika kumuchotsera diso. Za Onani zinali zina. Amenewa ndi matenda a kukhumudwa, ndipo sadikira maliro kuti alowe: amalanda tulo tabwino, njala, chisangalalo cha zonse zimene munthu ankakonda, mpaka amamunamiza kuti ndi mtolo pakhomo. Onani anali atavomera kuti ankaganiza zodzichotsa moyo. Anawalangiza kuti achotse mankhwala onse a kumunda m'nyumba, asamusiye yekha, ndipo azibwera naye kudzacheza ndi a chipatala mosadumphitsa. Anawatsimikizira kuti matendawa amachizika.

Atafika kunyumba anasonkhanitsa mabotolo onse n'kukawasungitsa kwa aneba, osafotokoza zambiri. Koma udokotala sufa tsiku limodzi. Akusankha mpunga pakhonde ndi Upile, amene tsopano anali namwali wa Fomu 4, anayamba kudziguguda pang'onopang'ono kuti achipatalawo anene zonena zawo, koma mwana mmodzi ndiye anamuchiza ndi manja awo, mboni yake nayi.

Upile anapitiriza kutola timiyala m'lichero.

"Azakhali, ine sindinazolowere ndekha," anatero. "Onani ndi amene ankandiperekeza kusukulu tsiku lililonse. Ndikayamba kulira panjira ankatsanzira mayendedwe anu mpaka ndiseke. Inu munkangonena liwu lija n'kupita kumsika."

Mayi Fagness anafuna kukwiya ndi nkhani ya mayendedweyo, koma mkwiyo unakana kubwera. Zaka zonsezi ankagawa mankhwala pamsika osadziwa kuti mankhwala enieniwo ankagona m'nyumba mwawo, ndipo anali atawatcha aulesi.

Tsiku lotsatira beseni silinapite kumsika. Anapita ku Bwanje atatu. Upile anatenga chingwe cha zitini n'kuyamba kukuwa, kenako anayesa kutsanzira mayendedwe a azakhali ake m'mbali mwa ngalande, koma sanawathe. Onani sanaseke. Anangomuyang'ana, n'kunena chapansipansi kuti akulakwitsa, amayi akamayenda amaika dzanja lamanzere m'chiuno. Mayi Fagness anaimirira, anaika dzanja lamanzere m'chiuno, n'kuyenda okha kutsogolo kwa mwana wawo kupita uko ndi kubwerera, misozi ikutsika.