Mafuta odzozera mu mfuti ya mdzukulu wanga

Senderani kuno nonse, mafoniwo muike pansi. Nkhani iyi ndikaiyamba mtima umawira mpaka lero, ndiye pasapezeke wondidula pakamwa.

Ine ndimakhala ku Woolwich, m'fulati ya mwana wanga wamkazi, nesi wa ku chipatala cha ku Lewisham. Mwana wake woyamba anabadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, koma akamayankha theka limakhala Chizungu. Ndimamutcha mkazi mnzanga, iye n'kumati, "Agogo, amuna anuwo sindinawaone n'komwe, nsanje yake ndi ya chiyani?" Ali ku yunivesite ku Greenwich anayamba masewera owombera chandamale. Mfuti yake si ya moto ayi. Ndi kamfuti ka m'manja ka mpweya, kolavula kachipolopolo ka mtovu kochepa ngati njere ya mphodza, n'kuboola pepala lokhala ndi diso lakuda pakati.

Ine mfuti sindiiopa. Malemu amuna anga anali ndi gogodera yopirikitsira nguluwe kumunda kwathu ku Ntchisi, ndipo lamulo linali limodzi: mfuti ya mwini suikhudza, suilumpha, ngakhale uli mkazi wake. Choncho mdzukulu akatsegula bokosi lake patebulo, ine ndinkakoka mpando, manja pamiyendo, maso okha ndiwo ankagwira ntchito.

Ndipo inali ntchito ndithu! Chigwiriro chake ndi cha mtengo. Ankachipala ndi sandipepa, apa kuchotsa, apo kumata, mpaka chinamukwana m'dzanja ngati nsapato yakale kuphazi. Mpope ankautsuka powombera tithonje toyera mpaka kathonje katuluke kosada. Mpweya ankaupopa ndi pampu yonga ya njinga, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwa mfuti kuli kampata koyang'anirapo ndi timagudumu tiwiri. Akapotoza kamodzi kamati "tiki", ndiye kuti chipolopolo chasuntha pang'ono kumanzere kapena m'mwamba. Koma mtima wa mfutiyo ndi kachitsulo kokoka ndi chala, kamene iwo amati tiriga. Pa mpikisano amaimika mfuti kuloza kudenga n'kupachika pa tirigapo chitsulo cholemera theka la kilo. Ikachinyamula osalira, walowa. Ikangoti "tcha!" sulowa mpaka uikonze. Mdzukulu anaichuna miyezi ndi miyezi ndi kakiyi kopindika, mpaka chala ndi tiriga zinayamba kumvana ngati mtondo ndi munsi.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Bwanji osaithira mafuta? Agogo ako aamuna ankathira a nsatsi."

"Ayi agogo, pamenepo no oil. Mukathira m'kati mumaterera, imalira yokha."

Ndinamva kamodzi, ndinasunga. Si kufunsa kumeneko?

Ndiye kochi wake anamuuza kuti pa mpikisano wa Loweruka adzasankha timu yoimira dera lino, ndipo malo a atsikana atsala amodzi. Mwana anasiya maphwando, anasiya ngakhale khofi, ati amanjenjemeretsa dzanja.

Apa m'pamene akulowa azakhali ake, mlongo wa mkamwini wanga. Amagwira ntchito yosamala okalamba, ndipo ali ndi kagulu ka mapemphero kamene kamakumana m'holo yabwereka. Atangomva mawu akuti mfuti, maganizo awo anathamangira kwa anyamata a magulu aupandu amene timawaona pa nkhani. Kufunsa mwana, ayi. Kufunsa ine, wokhala naye nyumba imodzi, ayi.

Lachinayi masana ndinapita kumsika kukagula therere ndi nsomba. Pobwera, ndili pa masitepe, ndikumva nyimbo m'nyumba. Kutsegula chitseko, mayo ine! Amayi atatu azungulira tebulo, maso otsinzina. Mkamwini waima pakona ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa, kiyi wa bokosi ali m'dzanja. Mfuti ili pa chitenje changa, ikunyezimira ngati nkhuku yootcha. Botolo la mafuta a olivi odzozera latsala theka.

"Mukutani inu?"

"Amayi, khalani pansi tipemphere limodzi," anatero azakhali aja. "Tikumasula mwanayu ku mzimu wa magazi."

"Magazi ake ati? Pepala lili ndi magazi?"

"Inu simukuidziwa London, amayi. Zimayamba chonchi."

"London sindikuidziwa, koma cha mwini ndikuchidziwa. Kwanu kumene munakulira, mfuti ya munthu ankangoitola ngati chipande?"

Mmodzi mwa anzawowo anati, "Tathira pang'ono chabe, pamwamba ndi pokokera chalapa, poti mpamene Satana amagwirira."

Pokokera chala! Malo omwe aja mwana ananena kuti pasafike dontho. Ndinaponya jumbo la nsomba pansi. Ndinati, "Safunsa anadya phula, koma inu phula mwadyetsa mwana wosalakwa. Nanunso bambo, kiyi munampereka ndi dzanja liti?" Mkamwini anangoti, "Amayi, achemwali anaumirira." Bambo wa ndevu zake, wokweza mawu pa mpira wa pa kanema mpaka oyandikana nafe kugogoda khoma, kulephera kunena ayi kwa mlongo wake.

Ine mapemphero sindidana nawo. Ndimagwada m'mawa uliwonse ngakhale mawondo akukana. Akanati tipempherere mwana, ndikanayambitsa nyimbo ndine. Akanamudzoza pachipumi, ndikanamugwira mutu kuti asathawe. Koma mafuta a m'saladi m'kati mwa chitsulo cha mwini?

Mdzukulu atabwera madzulo anaima pakhomo n'kuyang'ana. Sanalire, sanatukwane, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka koposa. Anangoti, "Agogo, muli ndi nsanza zoyera?" Ndinang'amba pilo wanga. Lachisanu lonse anapukuta. Tithonje tinkatuluka mumpope tachikasu. Chigwiriro chinali chitamwa mafuta, anachipalanso, koma m'dzanja chinkasewerabe ngati mlamba. Kabokosi ka m'kati mwa tiriga sanayerekeze kukatsegula, poti muli tizitsulo tating'ono kwambiri, ndipo bambo wokonza mfuti ku kilabu yawo anati sangaione sabata isanathe.

Loweruka ndinamuperekeza, basi kenako sitima, bokosi lili pamiyendo pake. Titafika, bambo woyeza mfuti anaimika mfuti ija, n'kupachika chitsulo chija. Asanachotse n'komwe dzanja, "tcha!" Anayesanso. "Tcha!" Anamuuza kuti akhale pambali aikonze, nthawi ikadalipo. Ndinaona mwana akulowetsa kakiyi kopindika kaja, kumanga, kuyesa, kumanganso, ntchito ya miyezi yonse ija ikufafanizika pa benchi. Ulendo wotsatira inanyamula chitsulo, analowa.

Koma chala chinali chitasanduka mlendo. Pena tiriga ikuuma, iye akakamize, mfuti igwedezeke. Pena iterereke asanakonzeke. Ine manambala a pa bolodi sindiwerenga, koma msana wa mdzukulu wanga ndimauwerenga. Akawombera bwino mapewa amakhala phee. Tsiku limenelo ankatsitsa mfuti, kupukuta dzanja pa thalauza, kukwezanso, kutsitsanso. Mabowo anamwazika ngati chimanga cha nkhuku. Malo aja anatenga mtsikana wina, amene anabwera kudzamugwira chanza mwaulemu. M'sitima pobwerera anatsamira paphewa langa n'kunena kuti, "Agogo, I was ready." Ndinati, "Ndikudziwa, mkazi mnzanga. Ndinalipo."

Mukuganiza kuti zathera pamenepo? Lamulungu foni inalira. Azakhali.

"Mwamva amayi? Akuti mfuti ija yakana kuwombera bwino. Si ndinanena? Pemphero layankhidwa!"

Ndinauza mwana wanga kuti akweze mawu a foniyo, nyumba yonse imve. Ndinati, "Mayi, ngati mafutawo ali ndi mphamvu choncho, mawa ndikubwera ndi botolo ndidzathire mu foni yanuyo, poti miseche yonse ya ku Woolwich imadutsira mmenemo. Tidzaone ngati mudzaimbe aleluya." Foni inaduka pomwepo.

Azakhali aja mpaka lero sanapepese. Akabwera kunyumba ndimawalandira, tiyi ndimawapatsa, koma chikwama chawo chimatsalira pakhomo pamodzi ndi nsapato. Anzawo awiri aja tikakumana kumsika amatembenukira ku mulu wa zilazi. Mkamwini ananyamula yekha bokosi kupita nalo kwa wokonza uja, amene anamasula tizitsulo tonse n'kutitsuka, ndipo akuti atanunkhiza anafunsa ngati kunyumba kwathu mfuti timakazinga. Mwana wanga nesi anakhala sabata osalankhula ndi mwamuna wake, kenako anakhululuka, poti banja ndi lawo. Mdzukulu anasema chigwiriro chatsopano, n'kuyambiranso kuphunzitsa chala chake. Mu timu muja sanalowe chaka chimenecho, koma Lachiwiri lililonse amakwerabe basi kupita ku kilabu. Kiyi wa bokosi anachotsa kumene ankabisa n'kundipatsa ine. Ndinamumanga pa mfundo ya chitenje, ndipo ali pompano, m'chiuno mwangamu. Wofuna kudzoza ayambe wandidzoza ine.