Mawu a Mayi Esteri Anayambira Pageti

Sheila Namakhwa timaphunzitsa naye pasekondale ina ku Chonde, ndipo ndi munthu woti akagwira chinthu sataya. Ife Loweruka timachapa, iye amakwera kabaza kukasaka nkhalamba. Akuchita maphunziro apamwamba, ndipo kafukufuku wake ndi wa riferendamu ya 1993, muja anthu ankasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, zipani zambiri kapena chimodzi.

Iye sawerenga kuchuluka kwa anthu ayi, amayerekeza. Anasankha malo awiri oyandikana, mudzi wa alimi ndi komboni ya pa esiteti ina ya tiyi. Anthu ake ndi Alomwe omwewo, matchalitchi omwewo, mvula yomweyo. Uku ndi uko amafunsa mafunso ofanana, kuti chosiyanacho chionekere chokha.

Kumudzi anthu analankhula mpaka foni yojambulira kutha moto. Kukomboni aliyense ankangoti zinayenda bwino, n'kuyang'ana kumbali. Aphunzitsi ake a kuyunivesite anamuuza mosapsatira mawu kuti mbali imodzi yokha si kuyerekeza. Apeze mawu a kukomboni chaka chisanathe, apo ayi ayambirenso. Ine ndinamulangiza kuti angosintha mutu. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Anakakamira kwa mayi Esteri, othyola tiyi amene analipo kale pa esitetiyo nthawi imeneyo. Ankapita, kuwathandiza kusenda chinangwa, n'kubwerako chimanjamanja. Tinayamba kumuseka kuti wapeza apongozi. Tsiku lina mayiwo anamuuza chapansipansi:

"Mwananga, denga ili ndi la kampani. Ndikupuma ntchito mu Novembala. Udzabwere udzandisenzereko katundu."

Apa m'pamene Sheila anaona kusiyana kuja: wa kumudzi amalankhulira m'nyumba yakeyake. Koma kuona kwa iye yekha si umboni, ndipo Novembala anali kutali. Anaonda ndi nkhawa mwana wa eni, mpaka ine womuseka ndinamumvera chisoni.

Tsiku losamuka litafika, Sheila anapita. Anasenza mtolo wa mapoto, mayi Esteri ali patsogolo, nkhuku ili m'khwapa. Anadutsa nyumba zonse za m'komboni osanena kanthu. Atangotuluka pageti la esitetiyo, mayiwo anakhala pamwala, nkhuku n'kuiika pamiyendo.

"Yatsa foni yakoyo. Ine ndinavotera nyali, ndipo amuna anga anamwalira asakudziwa."