Chimbale chawo chinandiumitsa pa chinkhoswe cha Tiyamike

Chaka cha 2023, ndili ndi zaka 71, kampani ina ya intaneti inandichotsa ulemu pamaso pa anthu akuchimuna. Dzina lake sinditchula. Eni ake akawerenga adzizindikira okha.

Ndine mlimi wa fodya kuno kufupi ndi Santhe. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma izi ndikulemba ndekha, palibe akundigwira dzanja.

Mlongo wanga atamwalira, mwana wake Tiyamike ndinamulera ine. Atsibweni ake ndine, mwini mbumba. Atakula anapita ku Joni kukagwira ntchito. Ndi iyeyo amene anati, "Atsibweni, pakhomo panu foni sigwira. Ndikuikireni intaneti ya m'nyumba kuti tizionana nkhope." Amalipira ndi iye, mwezi ndi mwezi, osaphonya.

Amisiri awo anabwera mvula isanayambe. Anyamata awiri pa njinga yamoto, atanyamula chimbale choyera, waya ndi kabokosi. Mtengo woimikapo chimbalecho sanabwere nawo. Anaona mitengo ya bulugamu imene ndinali nditangodula kuti ndikonzere chigafa, nasolola wautali, wauwisi. Anauzika, anamangirira chimbale pamwamba n'kuchilozetsa ku nsanja yawo ya paphiri. Mmodzi anati, "Madala, kagetsi ka pakabokosika kakakhala kobiriwira ndiye kuti zili bwino. Kakafiira mutiimbire."

Kanayamba kufiira mu Januwale. Mtengo uja pouma unapindika, chimbale n'kuyamba kuloza kudambo. Mphepo ikawomba, kafiira. Mvula ikagwa, kafiira. Khwangwala akatera pamwamba, kafiira.

Kuti ndiwaimbire ndimayenera kupalasa njinga mpaka pa chulu cha kumsewu, pomwe foni yanga imagwirako. Wondiyankha anafunsa ngati ndayesa kuzimitsa ndi kuyatsanso. Ndinati ndayesa. Anati ndiyesenso iye akumva. Ndinamufunsa kuti ndizimitse bwanji ndili pa chulu, kabokosi kali kunyumba. Anati ndipite kunyumba ndikamuimbire ndili pafupi nako. Kodi foni ikanakhala kuti imagwira kunyumba, chimbale chawocho ndikanachifuniranji?

Mu Febuluwale Tiyamike anandiuza kuti wapeza mwamuna, mnyamata wa kwa a Gondwe, kwawo ku Rumphi. Chinkhoswe chichitikira ku Joni komweko kumapeto kwa Malichi, poti abale a mnyamatayo ambiri ali kumeneko. Ine kupita sikukanatheka. Mlimi sasiya fodya m'chigafa mu Malichi, ndipo pasipoti ndilibe. Iye anati, "Musavutike, atsibweni. Mu holo tiika kanema wamkulu, inu mudzaonekera pamenepo. Mukavomera ndi pakamwa panu, tambala wa akuchimuna alandiridwa m'dzina lanu. Popanda mawu anu palibe chichitike."

Ndinakwera basi kupita ku ofesi yawo pa boma. Ndinafika 8 koloko m'mawa. Anandiitana 11 koloko. Mtsikana wa pakauntala anandiuza kuti dandaulo langa lili mu sisitimu.

Ndinati, "Lichokemo mu sisitimumo, libwere kunyumba kwanga."

Ndinamufotokozera za chinkhoswe, tsiku lake ndi nthawi yake. Anaseka. "Ii, zachikondi zimenezo! Musadandaule adadi, muvina ndithu. Mmisiri abwera Lachinayi."

Lachinayi mmisiri anati njinga ilibe mafuta. Ndinamutumizira K8,000. Lachisanu anati dambo ladzaza, sangaoloke. Dambo lomwelo ng'ombe zanga zimaoloka tsiku lililonse ndi ngolo yodzaza fodya. Sabata yotsatira foni yake inkangolira.

Tsiku la chinkhoswe ndinachita ndekha. Ndinamanga chingwe pa mtengo uja n'kumakokera ku mphanda ya chigafa, akazi anga Nabanda akuyang'ana kabokosi pawindo.

"Kakadali kofiira! Kokani!"

Ndinakoka.

"Mwapitiriza, bwezani pang'ono! Eya, kabiriwira! Gwirani pomwepo, musapume!"

Ndinamanga mfundo. Ndinasamba, ndinavala jekete. Amayi a mbumba anakhala pamphasa pakhonde. Matenanti anga anasiya kusoka fodya kudzaonerera. Foni yaikulu imene Tiyamike anatumiza tinaitsamiritsa pa thebulo. Nthawi ya 2 koloko tinawaona onse: holo yodzaza, Tiyamike atavala chitenje chofanana ndi malaya a mnyamata wake. Nabanda anayamba kulira nthawi isanakwane.

Anaimirira a Gondwe aakulu, amalume a mnyamatayo. Anayankhula bwino, mwaulemu. Anamaliza ndi kunena kuti, "Tsono tikufunsa eni mbumba ku Kasungu: mwana wanuyu mwatipatsa?"

Amayi pakhonde anayamba nthungululu. Ndinakweza dzanja kuti akhale chete ndiyankhe. Pomwepo kunabwera mphepo ya mvula. Chingwe chinaduka. Kagetsi kanafiira.

Zimene zinachitika ku holo anandiuza pambuyo pake ndi Tiyamike. Kanema sanazime. Akanazima bwenzi aliyense atadziwa kuti ndi netiweki. Chithunzi changa chinangouma pakhoma: dzanja m'mwamba ngati wapolisi woimitsa galimoto, pakamwa potseka, nkhope yamakwinya. A Gondwe anafunsanso kachiwiri. Ine duu. Anafunsa kachitatu. Ine duu, dzanja lili m'mwamba. Aliyense woleredwa bwino amadziwa kuti atsibweni akafunsidwa katatu osayankha ndiye kuti pali mlandu. A Gondwe anati, "Ngati pali chimene talakwa, anene. Ife sitinabwere kudzaba munthu." Anakhala pansi. Alongo awo anayamba kutola zikwama. Achinyamata ankati ndi intaneti chabe, akuluakulu ankati ayi, nkhope ija ndi ya munthu wokana.

Ine nthawi imeneyo ndinali pa njinga, m'mvula, ndi jekete langa, kuthamangira pa chulu. Mayunitsi anatha ndisanamalize kunena moni, poti kuimba kunja kumadya ngati chiswe. Pofika pogula ena n'kumupeza Tiyamike, zonse zinali zitatha. Holo inali yobwereka, nthawi yake inkatha. Kuti banja lisafere pomwepo, mkulu wina wa mpingo wawo, munthu wa ku Mulanje, anaimirira n'kunena kuti ayankha m'malo mwa atsibweni. Anavomera iye. Tambala analandira iye. Munthu amene sanapondepo pa Santhe, amene manda a mlongo wanga sawadziwa, ndi amene anapereka mwana wanga.

Tiyamike pa foni anati, "Atsibweni, si inu ayi, ndikudziwa." Koma mawu ake anali a munthu amene walira.

Lolemba ndinagwetsa mtengo ndi nkhwangwa. Ndinamasula chimbale, ndinakulunga waya, zonse ndinaika m'chiguduli cha fodya n'kupita nazo pa boma. Ndinazitula pakauntala. Mtsikana uja anati, "Adadi, chinkhoswe chinayenda bwanji?" Ndinamuuza kuti aitane bwana wake.

Bwanayo anatuluka akupukuta m'manja. Anandimvera maso ali pa foni. Kenako anandiuza zitatu. Choyamba, vuto linali mtengo, ndipo mtengo ndi wa kasitomala. Ndinamufunsa kuti anausankha ndani, anauzika ndani. Anati zimenezo sizinalembedwe. Chachiwiri, wofuna kusiya amayenera kudziwitsa kampani mwezi wathunthu n'kulipiranso mweziwo. Chachitatu, kumasula chimbale popanda mmisiri wawo kuli ndi chindapusa.

Ndinati, "Mmisiri wake uti? Wa mafuta uja?"

Anati ndisakweze mawu, pali makasitomala ena. Ndinati amve, nawonso ali ndi ana okwatiwa. Anati ndikapanda kulipira atumiza anthu kunyumba kwanga. Ndinati atumizeni, ndidzawaphera nkhuku. Ndikufuna ndidzaone ngati dambo limene limaletsa wodzakonza silidzaletsa wodzatolera ndalama.

Kupepesa sanapepese. Ngakhale kamodzi.

Pobwerera ndinatsikira pa Santhe. Pali mayi wina, Nachisale, amene amagulitsa mafoni ndi mabatire. Anandionetsa kachipangizo ka intaneti kofanana ndi sopo, kolowetsamo simu khadi. Anati kampani ina ya mafoni, osati ya simu yanga, inaimika nsanja mbali yathu. Ndinati zolankhula ndatopa nazo. Anati, "Agogo, katengeni mukayese. Kakakanika mundibwezere, ndalama yanu muipeza pompano." Palibe sisitimu, palibe Lachinayi.

M'nyumba kamagwira mofooka. Ndinakaika m'jumbo n'kukakoleka pamwamba m'chigafa, pakati pa fodya. Kanagwira. Mvula yagwa, mphepo yawomba, kakugwirabe. Masiku ena kamachedwa, sindinama, ndipo bandulo imatha msanga adzukulu akakapeza. Koma kakavuta ndimakatsitsa n'kukakoleka pena. Sindipempha munthu.

Oyamba kuwaimbira moonana nkhope anali a Gondwe. Ndi aang'ono kwa ine, tsitsi lawo likadali lakuda. Ndinavula chipewa, ndinawapepesa pa mlandu umene sindinapalamule. Anati, "Yayi, adada, zinatha izo. Koma tinene zoona, tinkaganiza kuti mwatikana poti ndife akumpoto." Ndakhala ndi matenanti a ku Mzimba, a ku Dedza, a ku Phalombe, sindinasankhepo munthu chifukwa cha kwawo. Lero ku Rumphi kuli anthu amene anayamba kundidziwa ngati nkhalamba yokana mkamwini.

Tsono inu a kampani, ndiyankheni pano pomwe, poti ku ofesi kwanu mayankho amathera mu sisitimu. Mmisiri wopanda mtengo mumamutuma kudzatani? Mafuta amene ndinagula anayendera njinga ya ndani? Miyezi imene kagetsi kanali kofiira, ndalama ya mwana wamasiye munailandira ndi dzanja liti? Chindapusa chanucho sindilipira. Kukhoti ndakonzeka, jekete ndili nalo ngakhale lili ndi matope.

Inu anzanga a kwa Njombwa, a ku Chamama ndi kuno ku Santhe amene ana anu ali kunja: akabwera ndi chimbale, muwafunse mtengo woimikapo uli kuti, ndipo kukavuta adzabwera pa chiyani. Akayamba ndi kuseka, atsekereni chipata.

Zimene ndinataya ndi izi. K8,000 ya mafuta. Maulendo awiri a pa boma fodya akudikira. Jekete limodzi, matope sanachoke. Zimenezi ndi zazing'ono, fodya akagulidwa ndidzaziiwala. Chachikulu ndi chimodzi. Mlongo wanga anasiya mwana wamkazi mmodzi yekha, ndipo chinkhoswe sachita kawiri.