Mbama ya ku France

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anaganiza zoti nafenso tizikagona m'matenti nthawi ya tchuthi, monga ankachitira anzawo a kuntchito. Tinkakhala ku Lewisham, m'fulati ya pamwamba pa sitolo yogulitsa makapeti. Amayi anali namwino, ndipo masabata ambiri ndinkawaona ali m'tulo kuposa ali maso. Mlongo wanga Mwayi anali kamnyamata ka zaka ziwiri, konenepa miyendo, kosadziwa kuyenda koma kuthamanga basi.

Tsiku limene bambo anabwera ndi tenti n'kuifunyulula pabalaza, amayi anaima pakhomo la kukhitchini atagwira m'chiuno.

“Munthu unachoka ku Ntcheu utatopa ndi mphasa, lero uwoloke nyanja kukagona pansi?”

Bambo anaseka, ife tinasekanso, ndipo mwezi wa Ogasiti tinanyamuka. Tinapita ndi banja la a Zulu, anzathu a kutchalitchi cha ku Tottenham, ochokera ku Chipata. Iwo analibe ana. Akazi awo tinkawatchula Anti Mercy. Magalimoto athu awiri anakwera sitima ya pamadzi ku Dover, ndipo titatsika tsidya linalo tinayenda ulendo wautali, Mwayi akusanza, ine ndikupukuta.

Kampuyo inali m'nkhalango ya mitengo ya paini, pafupi ndi mtsinje. Ndimakumbukirabe fungo la utomoni dzuwa likatentha, ndi la buledi amene ankabwera naye m'mawa pa kagalimoto koyera. Koma chimene chinandigwira mtima chinali dziwe losambira. Linali pakati pa kampu, madzi ake obiriwira ngati galasi, lili ndi potsetserekera pokhotakhota. Kusukulu ndinali nditangophunzira kusambira bwinobwino, ndipo zovala zosambira ndinazivala mkati mwa diresi kuyambira tsiku loyamba.

Sindinadziwe kuti ine sanandibweretse ku holide. Anandibweretsa kuti ndidzalere mwana.

“Tadala, mutenge Mwayi, tikukhoma tenti.”

“Tadala, thewera lija lanyowa.”

“Tadala, akulowera kumsewu uyo, sukumuona?”

Pakampu si panyumba. Palibe chitseko choti utseke. Pali zingwe za matenti zokola miyendo, mbaula za gasi zili pansi, njinga zodutsa mwaliwiro, agalu a anthu, timiyala tolowa m'kamwa. Mwana wa zaka ziwiri amafuna zonsezo nthawi imodzi. Ndinkadzuka naye, kumudyetsa phala, kumuthamangitsa, ndipo akayamba kuvuta amayi ankandimangirira kumbuyo ndi chitenje kuti ndizungulire naye mpaka agone. Ndinkadutsa pa mpanda wa dziwe lija nditabereka mwana, thukuta likutsika m'khosi, ana amsinkhu wanga akukuwa m'madzi. Ena ankasiya kusewera n'kumandiyang'ana. Kamtsikana kena kanandifunsa m'Chingerezi chothyokathyoka ngati mwanayo anali wanga.

Ndikadandaula, yankho linali limodzi: “Iwe ndiwe wamkulu.” Amayi ndinkawamvetsa pang'ono, chifukwa kutopa kwawo kunkaoneka m'maso. Koma bambo ankakhala pampando wopinda kuyambira m'mawa, iwo ndi a Zulu, akukambirana za mpira ndi ndale za kumudzi, ngati kuti mwanayo anali wa aneba.

Sabata itatsala pang'ono kutha, amayi anandimvera chisoni. Kunali kotentha kwambiri masana amenewo. Iwo ankapita kukachapa ku nyumba yochapira, bambo ndi a Zulu akuyatsa makala kuti awotche nyama, Anti Mercy akusenda anyezi pakhomo pa tenti yawo.

“Bambo a Tadala, mwana ndakusiyirani inu,” anatero amayi. “Uyu apite akasambeko nayenso.”

“Siyani pompo, palibe vuto,” anayankha bambo osatembenuka.

Ine sindinakhutire. Ndinamunyamula Mwayi, ndinapita naye pamene anakhala bambo, ndi kumuika pamiyendo pawo ndi manja anga awiriwa. Anamugwira ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi botolo. “Thamanga, kasambe,” anatero. Ndinathamangadi.

Madzi aja anali ozizira mokoma. Ndinatsetsereka, ndinamira, ndinavuuka, ndinapeza mnzanga wa ku Holland amene tinkangoseka osamvana chinenero. Kwa kanthawi kameneko palibe amene ankaitana dzina langa. Ndinatuluka zala zitachita makwinya, ndinadzikulunga thaulo, n'kubwerera kutenti ndikuimba.

Ndili patali ndinamva mawu a amayi. Sikunali kuitana kwa masiku onse. Ankakuwa dzina la Mwayi ndi mawu ong'ambika, akuthamanga pakati pa matenti opanda nsapato, zovala zonyowa zitagwera m'fumbi. Nyama inali kupsa yokha pamakala. A Zulu anali atagwada akusuzumira pansi pa magalimoto. Azungu a matenti oyandikana nafe anatuluka, ena atagwira mafoloko, ndipo mawu anafalikira m'zinenero zosiyanasiyana kuti kamwana kakuda kovala malaya ofiira kasowa. Wina anathamangira ku geti. Wina analoza kumtsinje, ndipo amayi atangoona chala chimenecho anakhala pansi.

Sindidziwa kuti tinasaka nthawi yaitali bwanji. Ndinalowa m'zimbudzi zonse, za amuna zomwe, ndikutsegula zitseko. Kenako kunamveka belu la njinga. Mayi wina wogwira ntchito pakampupo ankabwera akukankha njinga ndi dzanja limodzi, kwinaku atanyamula Mwayi. Anamupeza m'mphepete mwa mtsinje, atakhala m'matope, mapazi ali m'madzi, akuponyera abakha timiyala. Nsapato imodzi inali itapita ndi madzi. Iye ankangoseka.

Amayi anamulanda mwana uja n'kuyamba kulira mokweza. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinathamanga kuti ndikamugwire nanenso, koma sindinafike. Bambo anandigwira pamkono n'kunditembenuza.

“Unali kuti?”

Ndisanatsegule pakamwa, mbama inatera. Khutu linalira, thaulo linagwa, ndinatsala chiimire m'zovala zosambira pamaso pa kampu yonse.

Masiku amenewo makolo akandilankhula m'Chichewa ndinkayankha m'Chingerezi, monga ana ambiri obadwira kuno. Ndiye ndinayankha m'Chingerezi kuti mwana ndinawasiyira iwowo, ndinamuika pamiyendo pawo.

Mbama yachiwiri inaposa yoyamba.

“Ukundiyankha ine? Chizungu chakocho ukayankhire aphunzitsi ako!”

Mayi wa njinga uja anakalipa m'Chifalansa, akuloza bambo ndi chala. Bambo wina wamtali anayandikira. Apo m'pamene bambo anazindikira kuti anthu akuona, ndipo anandikokera m'tenti. Mkatimo munali motentha ngati mu uvuni. Sanandimenyenso. Anangonena motsitsa mawu kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa azungu, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka tibwerere ku London, phazi langa lisapondenso kudziwe.

Ndinadikira amayi. Ndinali wotsimikiza kuti alowa, anena zimene ananena ndi pakamwa pawo asanapite kochapa. Analowadi, koma anangotenga thewera ndi malaya ena a Mwayi. Anandiyang'ana tsaya, anayang'ana pansi, anatuluka.

M'mawa mwake Anti Mercy anandipeza kumipopi ndikutsuka mbale. Anaima pambali panga, anayamba kupukuta makapu, ndipo analankhula m'Chinyanja chawo cha ku Zambia osandiyang'ana.

“Ninaona vonse, mwana wanga. Siwe unalakwa. Mwana anaseluka pamendo pa atate ako pamene anaima kuona nyama.”

Ndinaganiza kuti ndapeza mboni.

“Manje atate ako ni akulu,” anapitiriza. “Sungawachititse manyazi pa wanthu. Naonso anayopa maningi. Ungokhala chabe zii, vizasila.”

Anandipatsa switi ya timbewu, anandisisita pamutu, anapita. Switiyo ndinaiponya m'ngalande. Mpaka lero, pa zonse za ulendo umenewo, mawu okoma aja ndi amene amandiwawa kuposa mbama. Munthu wamkulu anaona zoona, anabwera kudzandiuza kuti waziona, kenako anandipempha kuti ndizimeze.

Sizinathe monga ananenera. Tinabwerera ku France chaka chotsatira, kenako ku Belgium, ndipo kulikonse bambo ankandikumbutsa tikutsitsa katundu kuti ulendo uno ndisataye mwana. Nkhaniyo inakula, inasanduka nthabwala ya pabanja. Alendo akabwera kunyumba, bambo ankaifotokoza mokometsera: mmene Tadala anaonera madzi n'kuiwala kuti ali ndi mlongo wake, mmene iwo anathamangira kampu yonse. Anthu ankaseka mpaka kupukuta misozi. Mwayi anakula akudziwa kuti mlongo wake anatsala pang'ono kumumiza mumtsinje, ndipo tikakangana ankandiponyera zimenezo. Ndikuganiza kuti patapita zaka bambo anayamba kuikhulupirira okha nkhaniyo. Ine ndinkatuluka m'chipindamo, kupita kukhitchini, kutsegula mpopi kuti ndisamve.

Chaka chatha Mwayi anamaliza maphunziro ake a ku yunivesite, ndipo makolo anachita phwando mu holo ina ku Ilford, kumene akukhala tsopano. Panali anthu a kutchalitchi, anzawo a bambo akalekale, a Zulu ndi Anti Mercy atachita imvi. Ine ndinali nditakhala kutsogolo, mwana wanga wamkazi wa zaka ziwiri ali pamiyendo, akulimbana nane kuti atsike. Bambo anaimirira ndi maikolofoni, anathokoza Mulungu, anathokoza amayi. Kenako anamwetulira kumwetulira kumene ndinkakudziwa bwino.

“Mnyamata mukumuonayu tikanamutaya kalekale ku France. Mlongo wakeyo, uyo wakhala apoyo...”

Anthu anayamba kuseka nkhani isanafike n'pakati pomwe. Mwana wanga anapotokola thupi, anatsetsereka pamiyendo panga, ndipo ndinamugwira malaya asanapite patali. Ndinamupereka kwa amuna anga amene anakhala pambali panga, ndinaimirira. Sindinakonzekere. Ndinangomva kuti miyendo yandiimiritsa.

Ndinalankhula m'Chichewa, mawu amodziamodzi, mwaulemu wonse umene anandiphunzitsa, kuti pasapezeke wonena kuti ndi mwano wa ana a ku England.

“Adadi, pepani ndikudulani. Mwayi sindinamutaye ine. Amami anakusiyirani inu, ndipo ine ndinamuika pamiyendo panu. Munandiuza nokha kuti ndikasambe. Munandimenya kawiri pa chinthu chimene munalakwa ndinu. Ndinali mwana.”

Wina anagwetsa supuni. A Zulu ankayang'ana m'mbale mwawo. Mwayi anali atatsegula pakamwa, akuyang'ana ine, akuyang'ana bambo.

Amene anayankha ndi amayi. Sanaimirire, sanakweze mawu.

“Akunena zoona mwanayu.”

Mawu atatu okha. Ndinawadikira kuyambira ndili m'tenti muja, tsaya likutentha, ndipo atafika sindinamve kupepuka kumene ndinkayembekezera. Ndinamva ukali wina watsopano, poona kuti anali mawu afupiafupi chonchi, osalemera n'komwe, oti akanatha kuwanena tsiku lomwelo atanyamula thewera m'manja.

Bambo anaseka pang'ono, kuseka kouma. “Zakale zimenezo,” anatero, n'kukodola mnyamata wa zoimbira kuti aike nyimbo. Potuluka, mayi wina wa kutchalitchi anandikokera pambali n'kundiuza kuti zoterezi sitinenera pagulu. Ndinamufunsa kuti nanga nthabwala ija inkanenedwera kuti zaka zonsezi. Anangotembenuka n'kumapita. Mwayi ndiye anandiimbira foni m'mawa mwake. Anati, “Sisi, sindinkadziwa.”

Tsopano ndine kholo, ndipo ndikudziwa mmene mwana wa zaka ziwiri amasowera. Umangotembenuka kuti uone mphika, iye wapita. Zimenezo sindiwaimba nazo mlandu bambo anga, zikanachitikira aliyense. Ndikudziwanso mantha amene anawagwira masana aja, mantha ofuna pogwera. Chimene sindivomereza n'chakuti anawagwetsera pa munthu wamng'ono kuposa onse amene akanatha kuyankha, ndipo akuluakulu atatu anaona n'kusankha kuteteza nkhope ya bambo m'malo mwa mwana. Kwathu timaphunzitsa ana kupepesa asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato, koma munthu akangokula timamumasula ku lamulo limenelo, ndipo timati umenewo ndi ulemu. Ine ndinaphunzira pakampu paja kuti ulemu wotere amaulipira ndi ana.

Bambo ndimawayendera ku Ilford Lamlungu lililonse ndikapeza mpata. Amasewera ndi mdzukulu wawo, amandifunsa za kuntchito, amandiperekeza mpaka pa siteshoni. Nkhani ya ku France sanaifotokozenso kwa munthu aliyense kuyambira tsiku la phwando lija. Amayi amati kupepesa kwa bambo ako n'komweko, ulandire. Ndawauza kuti kupepesako ndakuona, koma sikunandikwane.