Mwana wa a Banda anali ndi dzina

Lachiwiri m'mawa, pa mdadada wathu ku Area 23, panagwa maliro amene anatiletsa kuwatchula kuti maliro.

Aneba anga a Banda ndi kalipentala, amakhoma mabokosi a maliro m'mphepete mwa msewu. Akazi awo anachira kuchipatala Loweruka. Mwana wamkazi. Anayamwa masiku awiri, tsiku lachitatu lake anatisiya.

Ine, monga munthu amene anasiya koleji m'chaka chachiwiri pofuna kupereka mpata kwa ena, ndimadziwa udindo wanga m'dera. Ndinavala jekete langa la maliro, lomwenso ndi la ukwati ndi lofunsira ntchito, n'kutulutsa benchi panja kuti olira apeze pokhala.

Azakhali awo a Banda atafika kuchokera ku Kawale, anayang'ana benchi, kenako anayang'ana ine.

"Bwezani benchiyo m'nyumba, bambo. Pano palibe maliro. Ndi mtayo uwu."

Kwa inu okulira kumayadi, mtayo ndi mwana womwalira asanatuluke m'chikuta. Anthu salira, saimba, amuna sapita kumanda. Amayi angapo amamukulunga m'chitenje n'kukamuika m'dzenje losazama, ati likazama mayi wake sadzaberekanso.

A Banda analankhula chapansipansi. "Azakhali, ndingomukhomera kabokosi. Matabwa alipo."

"Bokosi la chiyani? Mukufuna kutseka mimba ya akazi anu?"

Mwamva? Munthu amene wakhomera mabokosi anthu osawadziwa zaka zonsezi, ena mpaka oika galasi, anamuletsa kukhomera mwana wake.

M'nyumba Mayi Banda anayamba kusisima. Ndinamva mawu akuti, "Khalani chete inu, mukadali ana, mudzabereka wina."

Wina! Ngati kuti ataya chaja cha foni mu minibasi.

Mwambowu sindilimbana nawo kwambiri. Makolo anali ndi mantha awo, ankaika ana ambiri, anapeza njira yopiririra. Mkwiyo wanga uli pa ife ampingo.

A Banda amaimba besi m'kwaya. Ndinaimbira foni mkulu wa mpingo wa dera lathu, ndi ulemu wonse umene ndinatsala nawo.

"Pepani kwambiri," anatero, "koma zoterezi mpingo sulowererapo. Paja anali asanabatizidwe."

Mpingo womwewo umene Lamulungu lililonse umatiuza kuti Mulungu amatidziwa tikadali m'mimba. Tikakhala pa gome, moyo umayambira m'mimba. Mwana akamwalira, moyo umayambira m'kaundula wa mpingo. Tigwire ziti, akuluakulu?

Mwezi watha tinaika bwana wina wa ku Area 47, amene tchalitchi ankangochiona pawindo la galimoto. Makwaya anayi, abusa atatu, onse kutsimikiza kuti wafika kale kumwamba. Sindikuwatsutsa, sindinapiteko. Koma ngati khomo linatsegukira bwana uja, lingatsekere khanda limene tchimo lake lalikulu linali kulira mkaka?

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kuyambira tsiku lachingati?

Za umulungu sindinaphunzire, ndipo zimene ndinaphunzirazo sindinamalize. Koma ndikudziwa kuti Yesu anagwetsa misozi pamanda a bwenzi lake, akudziwa bwinobwino kuti amuukitsa pompo. Palibe anamuuza kuti khalani chete, mudzapeza bwenzi lina. Chiyembekezo cha Mkhristu sichitseka munthu pakamwa. Chimakhala naye pa benchi, kumulola alire, kenako n'kumuuza kuti amene mukumulirayu sanatayike.

Lachisanu ndinawapeza a Banda kushedi kwawo akupala kathabwa. Anali atajambulapo zilembo ndi tchizulo: TAKONDWA. Dzinali anasankha mimba ili ndi miyezi isanu.

"Mukakhoma pati, poti mandawo simukuwadziwa?"

"Mayi akunyumba afunsa kwa amayi aja. Tipita Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, awiriwiri."

"Azakhali akamva?"

"Amve." Anauzira fumbi pa kathabwa kaja. "Achimwene, akuti tsiku lomaliza aliyense adzamuitana ndi dzina lake. Nanga wangayu adzamuitana kuti chiyani? Mtayo?"

Ndinawauza kuti nanenso ndipita nawo.

Lamulungu tipita atatu. Jekete ndachapa kale. Mawu anga oimbira ndi chilango kwa amoyo ndi akufa omwe, koma besi ya a Banda indiphimba.

Inu akulu a mpingo, pakhomo mukupadziwa, paja mumabwera kwaya ikamaphunzira nyimbo. Benchi ija ndaitulutsanso panja. Malo alipo.