Chitini Chachitatu cha a Pius Sakala

A Pius Sakala ndi alamu anga, anakwatira akulu anga a Regina, ndiye ndikamakamba za iwo musaganize kuti ndikujeda munthu wapanjira. Ndimadziwa ngakhale katsokomoledwe kawo akafuna kunama.

Kwawo ndi kumidzi ya ku Sinda. Sukulu anaisiya asanaidziwe bwino, nane chimodzimodzi, choncho pamenepo sindiwaseka. Ali mnyamata, nthawi ya azungu, anapita ku Ndola komwe anathirira maluwa pa nyumba ya mzungu wina zaka zisanu ndi chimodzi. Iwo amati anali kapitawo wa panja. Panjapo anali okha. Anabwerako ndi jekete, chisoti, ndi Chingerezi chokwanira kuitanira galu, n'kudzakhazikika pa Katete kumasoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi msika.

Akanafa ali wosoka nsapato chabe pakanapanda Che Shabani, mwini sitolo ya m'mbali mwa msewu waukulu. M'chaka cha 1973 Che Shabani anagula makina oonetsera kanema kwa mmwenye wina wa ku Chipata, pamodzi ndi filimu imodzi yaitali ya m'zitini zitatu. Zitini ziwiri zinafika. Chachitatu chinatsalira m'basi, mwina chinakaona Lusaka ife tisanaione.

Kanemayo ankaonetsa Loweruka masana, m'chipinda cha katundu kuseri kwa sitolo, mazenera atatseka ndi masaka. Dzina lake la Chingerezi linatikanika, ife tinangoitcha Mapazi a Matope. Inali yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi. Mzimayi wachizungu wamasiye akhala m'nyumba yaikulu. M'mawa uliwonse apeza mapazi a matope: lero ali pachipata, mawa pakhonde, mkuja pamasitepe, tsiku lililonse kusendera kuchipinda chake. Amuna oyenda pa nyumbapo ndi atatu: dokotala, mlamu wa mzimayiyo wa ndevu zosongoka, ndi nkhalamba yosamalira maluwa. Chitini chachiwiri chinkathera pomwe mzimayi waima m'chipinda, chogwirira cha chitseko chikutembenuka pang'onopang'ono. Kenako nsalu yoonetserapo kanema mbee.

Tsiku loyamba anthu anatsala pang'ono kumuphwanyira makina Che Shabani. Ndi pomwe alamu anga anatsokomola kawiri, n'kuimirira.

"Khalani pansi. Filimu iyi ine ndinaionera ku Ndola, kawiri konse. Ndikuuzani mmene inathera."

Anakamba kuti chitseko chitatseguka analowa mlamu uja, mpeni kumanja, chifukwa ankafuna nyumba ya mbale wake womwalira. Mzimayi anathawira pazenera, pothawira panalibe. Koma nkhalamba ya maluwa inali itaona zonse, popeza munthu wa panja amadziwa phazi la aliyense wa pa nyumba. Inakwera ndi makwerero, n'kumugwetsa mlamuyo ndi mpini wa khasu. Pomaliza mzimayi anaipatsa nkhalambayo mpando patebulo, n'kuidulira nyama ndi manja ake.

Amayi amasiye analira. Che Shabani anawatulutsira a Pius kampando ka ndalema n'kukaika pambali pa nsalu, kuti kuyambira tsikulo azifotokozera anthu zimene azungu akulankhula.

Kunena zoona ntchitoyo ankaitha. Mafilimu ena obwereka ankabwera n'kupita, koma Mapazi a Matope ankabwerezedwa chaka chilichonse anthu akakolola, mpaka filimu inakalika, m'nyumba ya mzimayi muja mukuoneka ngati mukugwa mvula. Mzungu akalankhula nthawi yaitali, a Pius ankangoti, "Akuti wakwiya." Koma mapazi akaoneka pakhonde ankakhala chete, kusiya wotchi ya m'filimu igunde yokha, kenako n'kunong'ona kuti, "Dzulo anali pachipata." Tsitsi linkaima. Zaka khumi ndi zisanu kampando kanali kawo, ndipo pamsika anthu anaiwala kuti amasoka nsapato. Ankawaitana kuti a Kanema.

Ndiye kunabwera a Stanley Mwanza. Munthu wamkulu ndithu, wa zaka makumi anayi, yemwe anali kalaliki ku migodi ku Kitwe mpaka ntchito itatha mu 1988. Anafika ndi magalasi, mafuta onunkhira, ndi kaseti ya vidiyo. Che Shabani anali atangogula makina a vidiyo ndi wailesi yakanema, chifukwa magetsi anali atafika kale m'sitolo. A Stanley anati kasetiyo ndi Mapazi a Matope omwewo, koma azungu aijambulanso mwatsopano, ya mitundu, ndipo ili yonse mpaka kumapeto.

Che Shabani anawaitana alamu anga kukauntala.

"A Pius, azungu a mu vidiyo amalankhula mothamanga. Loweruka lino pakampando pakhale a Stanley."

"Filimu yanga?"

"Yanu ili m'zitini. Iyi ndi ya m'kaseti."

Sabata imeneyo kunyumba kwa akulu anga sikunapitike. Ine ndinapitako tsiku lililonse. A Pius ankati munthu wamwamuna wonunkhira ngati sopo sangafotokoze zoopsa. Ankati kabokosi ka vidiyo n'kakang'ono, mzimayi wamasiye sangakwanemo ndi nyumba yake yomwe. Analumbira kuti sadzapondako. Loweruka litafika anapeza a Regina akumanga chitenje chatsopano.

"Amake Enock, mukupita kuukwati wa ndani?"

"Kukanema."

"Zaka zonsezi mumabwera kukanema kwanga ndi chitenje chophikira."

"Kwanu kunali mdima, atate ake Enock. Akanandiona ndani?"

Ine ndinangoti, "Alamu, tsalani muyang'anire nkhuku, tidzakuuzani mmene a Stanley akambira." Sitinafike ndi pamsika pomwe, tinamva nsapato kumbuyo. Anali atavala jekete la ku Ndola.

Anakhala kumbuyo kwenikweni, pa thumba la mchere. A Stanley anakhala pakampando, mwendo pamwamba pa unzake. Filimu inayamba ndi ng'oma ndi malipenga, ndipo alamu anga anayamba nayo limodzi.

"Phokoso ili n'la chiyani? Munthu wobwera kudzapha amabwera ndi bandi?"

Mzimayi wamasiye wa tsopano anali wamng'ono, tsitsi lofiira, atavala buluku, akuyendetsa yekha galimoto.

"Wamasiye uyu? Uja wanga ankavala zakuda mpaka m'khosi. Uyu mwamuna wake akadali moyo, wangopita kumowa."

"Mudala, tiyeni timvereko filimu," anatero a Stanley osacheuka.

Zina alamu anga ankanena zoona, ngakhale ankazinena ndi nsanje. M'filimu yakale mapazi unkawaona pang'ono, mumthunzi, wekha n'kumawasaka ndi maso. M'yatsopano makina ojambulira ankathamangira paphazi mpaka lidzaze bokosi lonse, malipenga n'kulira, ngati ife ndife akhungu. Yakale inalibe dontho la magazi koma sunkapuma. Yatsopano inapha galu wa mzimayi, magazi ofiira ngati tomato, ana n'kuseka. Komabe yatsopano inali yokongola, tisanamizane. Maluwa anali maluwa enieni. Ndipo a Stanley ankamasulira liwu ndi liwu, mwakuti tinadziwa koyamba kuti dokotala uja ankamufunsira mzimayi ukwati. Kwa a Pius, zaka zonsezi, dokotala ankangoti wakwiya.

A Regina anaseka kutsogolo, n'kuombera a Stanley m'manja. Ndinacheuka kuona alamu anga. Chisoti anali atachipotokola ngati akuchifinya madzi.

Mapazi anafika pamasitepe. Mzimayi analowa m'chipinda. Chogwirira cha chitseko chinayamba kutembenuka, ndipo magetsi anazima.

Sindikuwonjezera. Anazima pomwepo, mwina kusiyana mpweya umodzi ndi pomwe chitini chachiwiri chinkathera. M'chipindamo munali mdima wa masaka. A Stanley anayamba kunena za mawaya, koma palibe anawamvera. Anthu onse anatembenukira ku thumba la mchere, monga anazolowera, ndipo mayi wina anati, "A Kanema, timalizireni."

Alamu anga sanathamange. Anawongola chisoti, anayenda mpaka kutsogolo, anaima pafupi ndi kampando mpaka a Stanley anadzuka okha. Tsikulo anakamba kuposa masiku onse. Mpeni wa mlamu anautalikitsa. Nkhalamba ya maluwa anaikweza makwerero phazi ndi phazi, ife tikuwerenga nawo. Anali atangofika pa mpini wa khasu pamene babu inayaka.

"Tiionere ndi maso manje," anatero a Stanley, n'kudina makina.

Chitseko chinatseguka. Inalowa nkhalamba ya maluwa, nsapato zili matope okhaokha, chingwe kumanja. Amene anathyola zenera kudzapulumutsa mzimayi anali mlamu.

Kenako wina anaseka chakumbuyo, kuseka n'kufalikira. Mayi uja anafunsa, "Nanga nyama ija anamudulira ndani?"

"Asintha," anatero a Pius. "Azungu a masiku ano alibe ulemu ndi zakale. Asintha mzimayi, asintha galimoto, asinthanso wakupha."

"Sore mudala," a Stanley anapukuta magalasi. "Yakale ninaitamba na maso anga ku Kitwe, yonse. Wakupha ni wamaluwa yemweyo. Chimene anasintha ni chingwe chabe, kuja anali na sizala yodulira mpanda."

Che Shabani si munthu wokweza mawu. Anafunsa ali chikhalire pa bokosi la sopo.

"A Pius, zaka khumi ndi zisanu sindinakufunseni. Ku Ndola kuja munaionera?"

Ndinadikira chitsokomolo. Sichinabwere.

"Ku nyumba ya kanema imene inkaonetsa filimuyi sankalowetsa anthu akuda nthawi imeneyo," anatero alamu anga. "Ndinaona chithunzi chake pakhoma, panja. Wamaluwa anamujambula pakona, atagwira khasu. Ndinkadutsapo tsiku lililonse popita kukagula nyama ya agalu a bwana. Ndinkati munthu ameneyu sangakhale woipa."

Apa kuseka kunachepa, koma sikunathe, chifukwa Katete ndi Katete. Panja anthu anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Amuna ambiri anati yatsopano ndiyo filimu, ili ndi mutu ndi mchira. Amayi amasiye anakana, anati iwo alamu olanda nyumba amawadziwa, ndipo sanaonepo mmodzi wothyola zenera kudzapulumutsa munthu. A Regina, m'malo mothandiza mwamuna wawo, ananena kuti mathero a atate ake Enock ndi okoma, koma a Stanley amamveketsa bwino za chikondi. Mawu amenewo alamu anga sanawakhululukire mpaka lero.

Che Shabani anagamula mawa lake. Kampando ndi ka a Stanley, chifukwa anthu alawa kumva zimene azungu akunenadi. Koma magetsi akazima filimu ili pakati, a Stanley azidzuka, a Pius azimaliza mmene akufunira, popeza pa ntchito imeneyo palibe wowaposa m'boma lonse.

Ine ndinkati akana. Anavomera.

Choncho mukafika pa Katete Loweruka masana, lowani kuseri kwa sitolo ya Che Shabani. Kutsogolo mudzaona a Stanley akumasulira, akulu anga ali pamzere woyamba. Kumbuyo pa thumba la mchere pali bambo wa jekete amene sayang'ana filimu. Maso ake ali pa babu. Ikangophethira pang'ono amayamba kuwongola chisoti, ikakhazikika amatukwana chamumtima. Uno ndi mwezi wachinayi magetsi osazima Loweruka. Amazima Lachiwiri, tsiku lopanda kanema, ndipo alamu anga akuti a Stanley ali ndi mbale wawo ku ofesi ya magetsi.