Zimene Zala za Azakhali Zinkadziwa

Azakhali anga anagwira ntchito ya udokotala wa makutu zaka makumi atatu, mpaka manja anayamba kuwanjenjemera. Anthu ankati apuma pantchito, koma ine ndinkaona kuti akungofota. Masana ankakhala pawindo, zala zikuyenda zokha patebulo.

Tsiku lina sukulu ya madokotala inawaitana kuti akayese makina ophunzitsira opaleshoni ya khutu, ndipo ine ndinawaperekeza. Umavala magalasi, n'kuona fupa la kuseri kwa khutu likuyandama patsogolo pako, lalikulu ngati dzungu. M'manja umagwira kachitsulo konga cholembera. Ukamaboola fupalo, kachitsuloko kamakukankha ndi kunthunthumira ngati ukuboola lenileni.

Azakhali sanachedwe kuvula magalasiwo. Iwo sadziwa kubisa mawu.

"Makina anu ndi abodza, achimwene," anauza katswiri wa makompyuta amene ankayendetsa makinawo. "Ukamayandikira mtsempha wa nkhope, fupa limasintha. Dzanja limamva diso lisanaone. Ophunzira anu akazolowera izi adzapotoza anthu pakamwa."

"Ndiye lisinthe bwanji, adokotala? Ndipatseni nambala."

"Nambala ndiitenge kuti? Zili m'zalamu."

Apa m'pamene panali nkhawa yawo: zala zinali kutha, ndipo zimene zinkadziwa sizinalembedwe paliponse.

Kwa miyezi iwiri tinkapita Lachitatu lililonse. Ankaboola atatsinzina m'magalasimo. "Fewetsani pang'ono. Ayi, mwanyanya!" Katswiri uja, womvetsa chisoniyo, ankangodina mabatani akupukusa mutu. Chipindacho chinali chozizira, chopanda fungo la mankhwala. Fumbi la fupa linkauluka pasikirini n'kuzimiririka lisanagwe. Nthawi zina Azakhali ankanong'oneza wodwala amene kunalibe: "Musaope, mayi, tatsala pang'ono."

Lachitatu lomaliza anaima mwadzidzidzi. "Apa! Ndi apa ndithu." Nkhope yawo inawala: makina aja anali atakhoza tsopano. Kenako dzanja linagwedezeka lokha, kachitsulo kanalowa, sikirini yonse psuu. Mtsempha unali utaduka. Zaka zonse zija sanadulepo ngakhale umodzi. Zinandipweteka mumtima moti ndinayang'ana pansi.

"Ndifufute, adokotala," anatero katswiri motsitsa mawu. "Palibe aone."

"Zisiyeni. Itanani wophunzira mmodzi."

Analowa mayi wina amene ankaphunzira za makutu, navala magalasi, nayamba kuboola khutu latsopano. Azakhali sanayang'ane sikirini, maso anali padzanja la mayiyo. Linayenda, linayenda, kenako linaima.

"Mwaimiranji?" anafunsa Azakhali.

"Sindikudziwa, adokotala. Fupa langosintha."

Azakhali anaseka, misozi ikutsika, manja akunjenjemera pamiyendo.

"Wamva, iwe?" anatembenukira kwa ine. "Akuti sakudziwa. Inenso sindinkadziwatu."